N'chifukwa chiyani pisitoni ya injini ya dizilo sisungunuka, ndipo mabowo a kunsi kwake ndi a ntchito yanji?

Wophunzira_Dizilo

Moni nonse akuluakulu a pagulu lino. Ndikuphunzira za injini za dizilo, ndipo pali zinthu ziwiri zimene zikundizunguza. Timauzidwa kuti moto wa m'silinda umafika madigiri 2000, pamene aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo akasakanizidwa ndi silikoni monga amachitira popanga mapisitoni, amayamba kusungunuka asanafike n'komwe pa 600. Nanga zimatheka bwanji kuti pisitoni ya aluminiyamu ikhale pansi pa moto woterewu kwa zaka zambiri osawonongeka? Chachiwiri, ndaona mapisitoni awiri a mlingo umodzi, oti angalowe m'silinda imodzi, koma ina ili ndi mabowo awiri kunsi kwa mutu wake pamene inzake ilibe. Kodi mabowo amenewa ndi a chiyani, ndipo kodi munthu angaike yopanda mabowo m'malo mwa ya mabowo?

Sipanala14

Musayerekeze n'komwe. Ngati injini inachoka kufakitale ndi pisitoni ya mabowo, mubwezeremo ya mabowo. Kufanana kwa mlingo sikunena chilichonse za mmene pisitoniyo imatulutsira kutentha.

Wophunzira_Dizilo

Zikomo a Sipanala14, chenjezo lanu ndalimva, koma ndikufunitsitsa kudziwa chifukwa chake kuti nanenso ndidzathe kufotokozera ena.

Mmisiri_Wakale

Ndiyankhe funso loyamba, a Wophunzira. Madigiri 2000 amene mukunenawo ndi a mpweya umene ukuyaka, osati a pisitoni, ndipo amakhalapo kwa kanthawi kochepa kwambiri. Injini ya masitiroko anayi ikamazungulira ka 2400 pa mphindi, silinda iliyonse imayaka ka 20 pa sekondi, ndipo pa maulendo anayi amene pisitoni imayenda, moto waukali umakhalapo kumayambiriro kwa ulendo umodzi wokha. Pisitoni ikamatsika mpweya umafutukuka n'kuyamba kuzizira, kenako utsi umatuluka, ndipo mpweya watsopano umalowa n'kudutsa pamutu pomwe panali motopo. Palinso kampweya kopyapyala kamene kamakangamira pamwamba pa pisitoni, kamene kamachedwetsa kutentha kulowa m'kati.

Komabe zimenezi pazokha sizikanaipulumutsa. Chimene chimasunga pisitoni n'chakuti kutentha kumene kwalowa pamwamba kumapeza njira yotulukira, ndipo ntchito yaikulu ya amene amajambula pisitoni ndiyo kukonza njira imeneyi. Pa pisitoni wamba, kutentha koposa theka kumayenda kuchokera pamutu kupita m'mbali, n'kudutsa m'maring'i kulowa m'khoma la silinda, kumene madzi amakutenga kupita nako ku radiyeta. Kotsalako kumatuluka kudzera pa siketi, yomwe ndi mbali ya m'munsi ya pisitoni, ndi pa oyilo wowazika kunsi. N'chifukwa chake mukayang'ana m'kati mwa pisitoni ya dizilo, pamene mutu umakumana ndi mbali mumapeza kuti ndi pokhuthala ndiponso pokhota mosalala. Pamenepo pakapyapyala, kutentha kumaunjikana pamwamba.

Injini ikalemedwa ndi ntchito, mlomo wa mbale ya pamutu pa pisitoni, malo olowa m'kati mmene moto umayakira, umafika pakati pa madigiri 350 ndi 400, pa ring'i yoyamba pamakhala cha m'ma 250, ndipo siketi imakhala yozizirirapo kwambiri. Choopsa chenicheni si kusungunuka ayi. Aluminiyamu akadutsa madigiri 300 amakhala atataya kale mphamvu zake zambiri, ndipo pa nthawi yomweyo akukankhidwa ndi pulesha imene m'injini zamakono imafika ma bar 200. Pa pisitoni ya mamilimita 100 m'mimba mwake, umenewo ndi katundu wa matani pafupifupi 16 pa kuyaka kulikonse.

Mayi_Injiniya

A Mmisiri_Wakale afotokoza bwino, ndipo funso lachiwiri likuyambira pomwe alekezerapo. Injini zitayamba kuikidwa tebo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri m'silinda, mpweya ndi dizilo wolowa m'silinda anachuluka, ndipo njira ya m'maring'i ija inachepa. Ring'i ndi kachitsulo kopyapyala, ndipo sikangathe kusenza kutentha konse popanda malo ake okhalapo kupsa. Pamenepo anayamba kuika majeti a oyilo m'buloko, timapaipi timene timapopera oyilo kunsi kwa mutu wa pisitoni. Kupopera kunsi kokha kumathandiza, koma oyiloyo safika pafupi ndi malo awiri amene amavutika kwambiri, omwe ndi mlomo wa mbale ndi guluvu ya ring'i yoyamba, kamzere kokumbika mmene ring'iyo imakhala.

Mabowo amene mwaonawo ndi makomo a ngalande yozungulira imene ili m'kati mwa mutu wa pisitoni, pakati pa mbale ndi maring'i. Jeti imalunjika pa bowo limodzi, oyilo amalowa, amazungulira m'ngalande, n'kutulukira pa bowo linalo kubwerera m'sampu, ndipo kuchoka kumeneko kutenthako kumakachotsedwa m'choziziritsira oyilo. Kapangidwe ka ngalandeyi ndi kanzeru ndithu. Amaumba mkombero wa mchere wopanikizidwa mpaka kulimba, amauika m'chikombole, n'kuthira aluminiyamu wosungunuka mozungulira. Mchere umasungunuka pa madigiri 801, choncho aluminiyamuyo sausungunula. Pisitoni ikazizira amaboola mabowo awiriwo n'kutsuka mchere uja ndi madzi, ndipo pamatsala mphako yosalala.

Pa pisitoni yoteroyo oyilo ndiye amatenga gawo lalikulu la kutentha, ndipo maring'i amapepukidwa. Amene anajambula injiniyo anawerengera kuchuluka kwa dizilo, pulesha ya tebo ndi mipata yonse podalira kuti ngalandeyo ilipo. Mukaikamo yopanda ngalande, injini idzalira bwinobwino ikangozungulira yokha, koma ikadzalemedwa kwa nthawi yaitali mutu wa pisitoni udzatentha kupitirira mlingo umene anaukonzera.

Tcheni_Yothina

Mayi, ngati ndi choncho, bwanji osatseka pang'ono bowo lotulukira kuti ngalandeyo izikhala yodzaza nthawi zonse? Ine ndikuona kuti oyilo wambiri angatenge kutentha kwambiri.

Mayi_Injiniya

Ayi a Tcheni_Yothina, ngalande yodzaza imaziziritsa moperewera. Mukathira madzi pang'ono m'botolo n'kulikhutchumula, madziwo amamenya makoma onse mwamphamvu, koma mukalidzaza mpaka pakamwa, madzi amangoyenda limodzi ndi botololo osasuntha m'kati. N'zimenenso zimachitika m'pisitoni. Ikamakwera ndi kutsika, oyilo amene ali m'ngalande yosadzaza amaponyedwa kudenga ndi pansi kambirimbiri pa sekondi, ndipo kumenya kumeneku kumachotsa oyilo wotentha amene wakangamira pakhoma n'kubweretsapo wina. Choncho amafuna kuti ngalande ikhale pafupifupi theka. Ikachepa oyilo, wochepayo amapsa. Ikadzaza, kukhutchumuka kumatha. Kukula kwa mabowo awiriwo ndi kuchuluka kwa oyilo wochokera m'jeti amaziwerengera pamodzi, ndipo si zinthu zoti munthu asinthe m'galaja.

Sipanala14

Nkhani ya jeti imeneyi ndikufuna kuti aliyense amene amatsegula injini aimvetse. Ndinalandirapo injini ya lole imene inali itangomangidwa kwina, koma pisitoni ya silinda imodzi yokha inali itakanda khoma, pamene zinzake zonse zinali zoyera. Mwini wake ankakayikira injekita, ndipo tinaiyesa n'kupeza kuti ikupopera bwino. Titayang'ana kunsi tinapeza kuti jeti ya silinda imeneyo inali yopindika pang'ono, mwina inagundidwa poika konirodi, ndodo imene pisitoni imalumikizidwako, moti oyilo ankamenya pambali pa bowo m'malo molowa m'ngalande. Kupindikako kunali kochepa, koti munthu wosayang'anitsitsa sangakuone.

Jeti yopindika sawongola ndi pulayala, amaika ina, chifukwa iyenera kulunjika pa bowolo pisitoni ili pansi ndiponso ili pamwamba. Onaninso kuti mapisitoni ambiri ali ndi podulidwa pa siketi kuti jeti idutsepo, ndipo mukatembenuza pisitoni poika, imaswa jetiyo pa kuzungulira koyamba. Majeti ambiri alinso ndi kavalavu kamene kamatseguka pokhapokha pulesha ya oyilo ikakwera, n'cholinga choti injini ikamazungulira pang'onopang'ono oyilo azipita kaye kumabeyaling'i. Pampu ya oyilo ikatha, kavalavu kameneka kamachedwa kutseguka, ndipo mapisitoni amayamba kupsa nyali ya oyilo isanayake.

Jenereta_Usiku

Ine ndimasamalira majenereta, ndipo chimene ndimakumana nacho kawirikawiri ndi ring'i yoyamba yokakamira m'guluvu yake, yozunguliridwa ndi makala olimba. Kodi zimenezi zikukhudzana ndi kutentha kumene mukukambaku, kapena ndi oyilo woipa chabe?

Mmisiri_Wakale

Zikukhudzana ndi zonse ziwiri, a Jenereta_Usiku. Oyilo amene amafika pa ring'i yoyamba amapirira mpaka cha m'ma 250, ndipo malowo akamatentha kupitirira apo kwa nthawi yaitali, amayamba kuuma n'kusanduka makala. Makalawo akadzaza kumbuyo kwa ring'i, ring'iyo imaleka kusuntha, ndipo vuto limadzikulitsa lokha: ring'i yokakamira sikhudza bwino khoma, motero kutentha kumasowa podutsa, komanso mpweya wamoto umadutsa m'mbali mwake n'kuwotcha oyilo wa pakhoma. Oyilo wosayenera kapena wokhalitsa amafulumizitsa zimenezi. Komabe pa majenereta musaiwale kuti injini yoyenda nthawi yaitali popanda katundu wokwanira imaunjikanso mwaye, chifukwa dizilo sapsa bwino m'silinda yozizira.

Opanga mapisitoni amateteza malo amenewa m'njira ziwiri zimene mungazione ndi maso. Yoyamba ndi ring'i yokhuthala kunja ndi yopyapyala m'kati, imene imakhala m'guluvu ya maonekedwe omwewo. Pisitoni ikamapendekera uku ndi uku, mpata wa pakati pa ring'i ndi guluvu umakula n'kuchepa, ndipo makala amaphwanyika asanalimbe. Yachiwiri ndi lamba wa chitsulo chotuwa amene mumamuona pozungulira guluvu yoyamba. Chitsulo chimenecho ndi Ni-resist, chitsulo chothira m'chikombole chokhala ndi nikelo wambiri. Aluminiyamu wotentha ndi wofewa, ndipo ring'i ikanamukumba mofulumira. Anasankha Ni-resist chifukwa ikatentha imafutukuka pafupifupi mofanana ndi aluminiyamu wa pisitoni, kotero kuti ziwirizo sizilekana. Asanathire pisitoni amayamba aviika lambayo mu aluminiyamu wosungunuka kuti zigwirane kwenikweni, pakuti pakakhala kampata ngakhale kochepa pakati pake, kutentha sikudutsa.

Chitsulo_Chosula

Zonse zimene mwatchulazi, ngalande ya mchere, lamba wa Ni-resist, makoma okhuthala, ndi zigamba zothandizira chinthu chimene sichikwanitsanso ntchito. Aluminiyamu anali woyenera pamene pulesha ya m'silinda inali yochepa. Injini zazikulu za malole zinasamukira kale ku chitsulo. Zinayamba ndi pisitoni ya zigawo ziwiri, mutu wachitsulo ndi siketi ya aluminiyamu zolumikizidwa ndi pini, monga Ferrotherm ya kampani ya Mahle, kenako zinafika pa pisitoni yachitsulo chokhachokha monga Monotherm ya Mahle yomweyo ndi Monosteel ya kampani ya Federal-Mogul. Chitsulo chosula chimasunga mphamvu zake pa kutentha kumene aluminiyamu amakhala atafewa kale, sichifuna lamba pa guluvu, ndipo pa mapisitoni monga Monosteel ngalande amaipanga yaikulu posula zigawo ziwiri n'kuziwotcherera pozipekesa mothamanga. Ndikuona kuti nkhani ya aluminiyamu m'injini ya dizilo ikupita kumapeto.

Mmisiri_Wakale

Musafulumire choncho, a Chitsulo_Chosula. Aluminiyamu wa pisitoni amadutsitsa kutentha kuposa chitsulo katatu kapena kupitirira, ndipo chitsulo n'cholemera pafupifupi katatu. Pisitoni yachitsulo imasunga kutentha pamwamba, moti mlomo wa mbale yake umatentha kuposa wa aluminiyamu ndipo umatha kuchita makoko a dzimbiri. Choopsa china chili m'ngalande momwemo. Denga la ngalande likatentha kwambiri, oyilo amapserera pamenepo n'kusiya makala, makalawo amatchinga kutentha, ndipo mutu umatenthanso kwambiri kuposa poyamba. Pisitoni ya aluminiyamu imapirirako oyilo akachepa kwa kanthawi chifukwa ili ndi njira ina ya m'maring'i, koma yachitsulo imadalira oyilo pafupifupi kotheratu.

Mayi_Injiniya

Nonse awiri mukunena zoona, koma pa kulemera ndiwonjezerepo. Chifukwa chitsulo n'cholimba, makoma ake amakhala opyapyala ndipo mtunda wochokera pa pini kufika pamutu umafupikitsidwa, kotero kuti pisitoni yachitsulo pamodzi ndi pini yake imalemera pafupifupi mofanana ndi ya aluminiyamu. Mtunda umene wapulumutsidwawo umalola konirodi yaitali, imene imakankhira pisitoni kukhoma mochepa.

Phindu lina lili pa kufutukuka. Aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Pisitoni ya aluminiyamu m'buloko yachitsulo iyenera kupatsidwa mpata waukulu ikakhala yozizira, ndipo ikatentha imathina n'kuyamba kupekesana ndi khoma. Pisitoni yachitsulo m'buloko yachitsulo imafutukuka limodzi ndi silinda, ndipo mpata susintha kwambiri. Kampani ya Mercedes-Benz inayamba kuika mapisitoni achitsulo m'galimoto zazing'ono za dizilo mu 2014, ndipo mu 2016 inatulutsa injini ya OM654 imene inatembenuza zinthu: buloko ndi ya aluminiyamu, mapisitoni ndi achitsulo. Injini imeneyo ikatentha, silinda imafutukuka kuposa pisitoni, mpata umakula pang'ono, ndipo kupekesana kumachepa. Komabe sindingavomereze kuti aluminiyamu watha. Ndi wosavuta kuthira ndi kusema, ndipo pa injini za mphamvu yapakatikati amakwanira bwino lomwe.

Chitsulo_Chosula

Pa injini za mphamvu yapakatikati ndikuvomera, mayi. Koma pulesha ikadutsa ma bar 200 kwa maola ambiri tsiku lililonse, ine ndikhalabe kumbali ya chitsulo.

Kafukufuku88

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo pali chimene chikundivuta. Kutentha konse kumene mukukuthamangitsira mu oyilo ndi m'madzi kunachokera mu dizilo, ndipo kukapita ku radiyeta ndiye kuti kwatayika. Kodi sikukanakhala kwanzeru kukuta mutu wa pisitoni ndi chinthu chosadutsitsa kutentha, kuti kutenthako kukhale m'silinda n'kukankha pisitoni?

Buku_ndi_Sipanala

Funso limenelo linadya zaka zambiri za akatswiri, a Kafukufuku88. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'zaka za m'ma 1980, kampani ya Cummins mogwirizana ndi gulu lankhondo la United States inayesa kupanga injini ya dizilo yosafuna madzi oziziritsa, ntchito imene anatsogolera Roy Kamo ndi Walter Bryzik. Anakuta mapisitoni, hedi yovindikira masilinda ndi makoma ndi seramiki monga zirconia, mpaka anayendetsa lole ya asilikali yopanda radiyeta. Koma phindu la dizilo limene ankayembekezera silinaoneke mokwanira. Kutentha kumene anakutsekera sikunasanduke mphamvu yokankha pisitoni. Kochuluka kunangotuluka ndi utsi. Makoma otentha ankawotcha mpweya wolowa, mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho silinda inkalandira wochepa. Oyilo ankapsa pakhoma, mpweya woipa wa NOx unkachuluka, ndipo seramiki yokhuthala inkang'aluka chifukwa sifutukuka mofanana ndi chitsulo cha pansi pake. Mu 1987 Gerhard Woschni wa ku Munich anafalitsa zoyesa zake zosonyeza kuti khoma likatentha kwambiri, lawi limayaka moyandikira khomalo, ndipo pa injini yake yokutidwa dizilo ankatha wambiri kuposa pa injini wamba.

Maganizowo sanafe, anangosintha. Vuto la seramiki yokhuthala linali lakuti inkakhala yotentha nthawi zonse, ngakhale pamene mpweya watsopano ukulowa. Chofunika ndi chokutira chopyapyala kwambiri, chosadutsitsa kutentha komanso chosasunga kutentha, chimene chimatentha msanga moto ukayaka n'kuziziranso msanga mpweya ukamalowa. Mu 2015 kampani ya Toyota inaika chokutira chotere pa gawo la mutu wa pisitoni m'injini zina za 1GD-FTV za malita 2.8. Ndi aluminiyamu yemweyo amene amamusandutsa khungu la timabowo tambirimbiri pogwiritsa ntchito magetsi, n'kutseka pamwamba pake ndi silika. Ngakhale pamenepo oyilo sanachotsedwe, amapoperedwabe kunsi.

Za_Mnyanja_Yaikulu

Ndiloleni ndibweretse za injini za sitima zapamadzi, kumene nkhani yomweyi imaoneka pa mlingo wina. Injini ya masitiroko awiri ya RTA96C ili ndi silinda ya mamilimita 960 m'mimba mwake ndipo imazungulira pafupifupi ka 100 pa mphindi. Pa mutu waukulu chotero, kutentha kwa pakati sikungayende mpaka kukafika m'maring'i, ndipo pa liwiro lochepa chotero kukhutchumuka kumene Mayi_Injiniya afotokoza sikukwanira pakokha. Choncho oyilo amakwera kudzera m'kati mwa ndodo ya pisitoni, ndipo timapaipi tambiri timamupopera m'mabowo oboolera kuchokera kunsi kufika pafupi ndi pamwamba pa mutu. Mutuwo uyenera kukhala wokhuthala kuti upirire pulesha, koma oyilo ayenera kufika pafupi ndi moto, ndipo mabowowo amakwaniritsa zonse ziwiri.

Injini zakale za kampani ya Sulzer zinkaziziritsa mapisitoni ndi madzi odzera m'mapaipi olowana. Madzi amatenga kutentha pafupifupi kawiri kuposa oyilo wolemera chimodzimodzi, koma akadontha amaipitsa oyilo wa m'munsi, ndipo n'chifukwa chake anasamukira ku oyilo. Mafuta olemera amene sitima zambiri zimawotcha ali ndi vanadium ndi sodium, zimene zimadya mutu wa pisitoni ukatentha kwambiri, moti ena amawotcherera Inconel, chitsulo cha nikelo chopirira kutentha, pamwamba pake.

Tcheni_Yothina

Zikomo chifukwa cha zimenezo, koma ndibwerere ku injini za pamtunda. Ndaonapo mapisitoni ong'aluka kuyambira pamlomo wa mbale, popanda chizindikiro chilichonse cha kusungunuka. Ngati sanasungunuke, chinawang'amba n'chiyani?

Mayi_Injiniya

Chimawang'amba ndi kusinthasintha kwa kutentha, a Tcheni_Yothina. M'injini yopopera dizilo m'silinda mwachindunji, moto umayakira m'mbale ya pamutu pa pisitoni, ndipo mbale zambiri zili ndi mlomo wopindikira m'kati kuti mpweya uzizungulira mwamphamvu n'kusakanikirana ndi dizilo. Kuti dizilo apse bwino mlomowo umafunika wosongoka, koma mlomo wosongoka umawotchedwa pamwamba ndi kunsi, ndipo uli ndi chitsulo chochepa kumbuyo kwake chotengera kutenthako. Ojambula pisitoni amakhala akukokana pa malo amenewa, wina akufuna utsi woyera, wina akufuna pisitoni yokhalitsa.

Injini ikalemedwa, mlomo umatentha n'kufuna kufutukuka, koma mbali yozizirirapo imene yauzungulira imaukaniza, ndipo umapanikizika mpaka kufinyika pang'ono kosabwerera. Katundu akachoka, mlomo umazizira n'kufuna kubwerera mwakale, koma tsopano wafupika, choncho umakokedwa. Kupanikizika ndi kukokedwa kumeneku kukabwerezedwa kambirimbiri, pamodzi ndi kupindika kumene pulesha imabweretsa pa kuyaka kulikonse, kamng'alu kamayamba pa tizidutswa ta silikoni timene tili mu aluminiyamu, ndipo kamakula mpaka moto utapeza njira yopita kunsi.

Pofuna kulimbitsa malowa, ena amasungunulanso mlomo wokhawo ndi chowotcherera pisitoni itathiridwa kale. Pamenepo pamazizira mofulumira kwambiri, ndipo tizidutswa ta silikoni timakhala tating'ono kuposa kale. Federal-Mogul inatcha njira yake DuraBowl. Ena amaika ulusi wa seramiki m'chikombole n'kukankhira aluminiyamu wosungunuka pakati pake. Toyota inayamba kugwiritsa ntchito ulusi wotere m'mapisitoni a dizilo mu 1983, poyamba pa malo a ring'i.

Sipanala14

N'chifukwa chake ndimadandaula ndi amene amasintha kompyuta ya injini kuti iwonjezere dizilo. Mphamvu imakweradi, koma jeti, ngalande ndi choziziritsira oyilo zimakhala zomwe zija. Injekita yodontha imachitanso zofanana pa silinda imodzi, chifukwa m'malo mopopera nkhungu imaponya dizilo pamalo amodzi, ndipo pamenepo m'pamene mumapeza mutu wodyeka kapena wobooka.

Jenereta_Usiku

Ndiwonjezere kuti malangizo oti injini yochoka pa ntchito yolemetsa izizungulira kaye kwa mphindi zingapo isanazimitsidwe sateteza tebo yokha. Injini ikazima majeti amaleka kupopera nthawi yomweyo, ndipo oyilo wotsalira m'ngalande ndi m'maguluvu amakhala pa pisitoni yotentha popanda womulowa m'malo.

Mmisiri_Wakale

Zoona zimenezo. Pali chinanso chimene ophunzira ambiri amadabwa nacho akagwira maikolomita, kachipangizo koyezera kukula kwa zinthu: pisitoni yatsopano si yozungulira ndendende, ndiponso si yofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mutu wa aluminiyamu wa mamilimita 100 ukatentha ndi madigiri 250 umakula ndi pafupifupi theka la milimita, pamene siketi imakula pang'ono chabe. Choncho amasema mutu wocheperako, ndipo siketi amaipanga yotukuka pang'ono pakati. Mbali imene kuli pini kuli aluminiyamu wambiri ndipo imafutukuka kwambiri, motero amaichepetsa dala. Pisitoni imatenga maonekedwe ake oyenera ikafika pa kutentha kwa ntchito. Poyeza, muyeze pa siketi, mopingasa ndi pini, pa msinkhu umene buku la injiniyo lanena. Musaiwalenso mpata wa pakati pa nsonga ziwiri za ring'i, pakuti ukachepa, nsongazo zimakumana ring'i ikatentha, ndipo imakanda khoma kapena kuthyoka.

Wophunzira_Dizilo

Ndathokoza kwambiri nonse. Chatsala chimodzi chokha: madigiri a pamlomo wa mbale ndi a pa guluvu amene mwatchula aja, amawayeza bwanji pa chinthu chimene chikuthamanga m'silinda yotsekedwa?

Buku_ndi_Sipanala

Njira yakale, imene ikugwirabe ntchito, ndi ya tizomangira tating'ono totchedwa templug, topangidwa ndi chitsulo cholimbitsidwa chimene chimafewa molingana ndi kutentha ndi nthawi. Amaboola timabowo pamalo osiyanasiyana a pisitoni, amamangamo tizomangirato, n'kuyendetsa injini pa katundu mmodzi kwa maola odziwika. Akaitsegula amayeza kulimba kwa kachomangira kalikonse, ndipo kufewa kwake kumasonyeza kutentha kumene kanakumana nako. Ofufuza za pisitoni yowonongeka amachitanso chimodzimodzi ndi aluminiyamu weniweniyo, pakuti nayenso amafewa kosabwerera pamalo amene anatentha kwambiri.

Njira imeneyi imapereka nambala imodzi pa kuyesa kumodzi. Akafuna kuona mmene kutentha kumasinthira katundu akamakwera ndi kutsika, amakwirira tizipangizo toyezera m'pisitoni, ndipo uthenga wake umatuluka popanda waya kupita ku kolandirira kamene kali m'munsi mwa silinda. Manambalawo amawayerekeza ndi zimene kompyuta inawerengera pojambula, ndipo akapeza kuti guluvu yoyamba kapena mlomo wa mbale wadutsa malire, amasunthira ngalande m'mwamba, amasintha maonekedwe ake, kapena amawonjezera oyilo wochokera m'jeti, n'kuyesanso.